Khonde la Matabwa M'dziko la Chiperoni: Mafunso ndi Mayankho

Munthu wochokera ku Limbe kulinga ku boma la Thyolo, akangopitirira msika wa Bvumbwe, kumene amayi amaunjika kabichi, karoti, tomato ndi mbatata ya kachewere m'mphepete mwa msewu, sachedwa kuona minda ya tiyi itayalana m'zitunda. Ndipo pakati pa mindayo, mumthunzi wa mitengo ikuluikulu, pali nyumba zakale za makonde otambalala, zina zomangidwa m'zaka za m'ma 1920, masiku amene Maclean Kay ankatsegula munda wa Satemwa. Makonde ambiri kuno ndi a simenti yopakidwa polishi wofiira, koma nsanamira zake, makwerero ake ndi zotchingira za m'mbali nthawi zambiri zimakhala za mitengo. Ndiponso eni malo ogona alendo, pamodzi ndi ena omanga pa malo otsetsereka, amayala matabwa pansi pa khonde lonse. Mafunso otsatirawa ndi amene amavutitsa mwini khonde lotere pamene matabwa ake ayamba kutuwa ndi kung'aluka.

Kodi n'chifukwa chiyani thabwa limene linali lofiirira ndi losalala limasanduka lotuwa ndi lokhakhala, ngakhale palibe munthu analiwononga?

Adani a thabwa ndi anayi, ndipo amagwira ntchito mopatsirana, wina akatopa mnzake n'kulandira. Woyamba ndi dzuwa, limene limapsereza ulimbo wachilengedwe umene umamanga pamodzi ulusi wa mtengo; ulimbowo ukafooka, mvula imaukokolola, n'kusiya pamwamba pa thabwa ulusi wotuwa wosagwirana. Wachiwiri ndi madzi, pakuti thabwa likamwa madzi limafufuma ndipo likauma limanyala, ndipo kufufuma ndi kunyala kumeneku, kukabwerezedwa chaka ndi chaka, kumatsegula ming'alu imene imasanduka njira yolowera madzi ena. Wachitatu ndi nkhungu ndi tizilombo tooletsa mtengo, timene sitingathe kukhala m'thabwa louma koma timakondwera m'thabwa limene chinyezi chake chapitirira magawo 20 pa 100 alionse. Wachinayi, amene aliyense amamudziwa, ndi chiswe.

Kuno ku Bvumbwe mdani wachiwiri ndi wachitatu ali ndi mphamvu zoposa zimene ali nazo ku Chikwawa kapena ku Mangochi. Dera lino ndi lokwera, mamita opitirira 1,000 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo mvula ikatha m'mwezi wa Epulo, pamene anzathu a kuchigwa ayamba kupuma, ife timalandira chiperoni, mvula yowaza ija ya mphepo yozizira, imene inatenga dzina kwa phiri la Chiperone la ku Mozambique, ndipo imatha kukhala masiku angapo osaleka m'miyezi ya Juni ndi Julayi. Chinyezi chomwecho chimene chimadyetsa tiyi ndicho chimene chimadya khonde; thabwa la kuno limakhala lonyowa miyezi yambiri pa chaka, ndipo nthawi imene limapeza mpata wouma mpaka mkati ndi yochepa ndithu.

Ndingadziwe bwanji ngati khonde langa lingapulumuke, kapena ngati lafika poti lichotsedwe?

Kutuwa pakokha si imfa ya thabwa, pakuti nthawi zambiri kumangokhudza khungu lapamwamba, ndipo munthu akapala pang'ono amapeza mtengo wamoyo pansi pake. Chimene muyenera kuchita n'kutenga msomali waukulu kapena sikuludiraiva, n'kuyenda khonde lonse mukubaya modekha, makamaka kumapeto a matabwa, mozungulira misomali, patsinde pa nsanamira ndi pamene thabwa lakhudzana ndi khoma. Chitsulo chikakana kulowa, thabwalo lili bwino. Chikalowa mosavuta, kapena thabwa likamalira ngati lopanda kanthu mkati mukaligogoda, ndiye kuti laola kapena chiswe chalidya, ndipo palibe mankhwala a m'chitini amene angalibwezere mphamvu. Limenelo lichotseni.

Ndipo musaleke pamwamba pokha. Gwadani, suzumirani kunsi, muone mitanda imene yanyamula matabwawo, pakuti ndiyo imasenza anthu, ndipo ikathyoka, wovulala amakhala mwana kapena gogo amene sanalakwe kanthu. Onaninso ngati pali timisewu tadothi tokwera m'zipilala, pakuti ndito tinjira ta chiswe. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Khonde lopakidwa bwino pamwamba pa mitanda yoola ndi loopsa kuposa khonde lotuwa limene aliyense amaliponda mochenjera.

Kodi mitengo yonse imafuna chisamaliro chofanana?

Iyayi. Amisiri akale ankasankha mkungudza wa m'phiri la Mulanje, umene fungo lake ndi mafuta ake zimaingitsa chiswe, kotero kuti mitanda yake imakhala zaka zambirimbiri osaola. Koma mtengo umenewu, umene unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko lathu m'chaka cha 1984, tinaudula mopanda chisoni mpaka unatsala pang'ono kutheratu m'phirimo, ndipo munthu woopa Mulungu ndi malamulo sayenera kuugula kwa ozembetsa. Amene ali ndi khonde la mkungudza lakale adziwe kuti ali ndi chuma chimene sangachipezenso, ndipo asalichotse msanga chifukwa cha kutuwa chabe. Mlombwa nawonso umapirira bwino, ndipo mbawa imatsatira pambuyo pake, ngakhale mbawa imakonda kukhala pansi pa denga kusiyana ndi pamtetete.

Matabwa amene ambiri a ife tingawapeze lero ndi a bulugamu, amene minda ya tiyi imadzala wochuluka chifukwa cha nkhuni zoumitsira tiyi m'mafakitale, ndi a paini wochokera ku Zomba kapena ku Chikangawa. Bulugamu ndi wolimba, koma amang'aluka ndi kupindika ngati anachekedwa n'kukhomedwa asanaume, ndipo amadetsedwa ndi misomali wamba, pakuti madzi a mtengowo akakumana ndi chitsulo amabala mabanga akuda. N'chifukwa chake misomali yosachita dzimbiri ili yoyenera mtengo wake. Paini ndi wofewa, wosavuta kukhoma, koma ndi ndiwo ya chiswe, ndipo sayenera kuikidwa panja pokhapokha ataloweretsedwa mankhwala ku fakitale, monga amaonekera matabwa obiriwira aja. Pa mtengo uliwonse, mtima wake wofiirira ndi umene umapirira. Mbali yoyera ya kufupi ndi khungwa imaola msanga, ngakhale ikhale ya mlombwa.

Ntchito imeneyi iyenera kugwiridwa mwezi uti?

Funso ili ndi lalikulu kuposa funso la mankhwala, ngakhale anthu ambiri amalidumpha. Mafuta salowa m'thabwa limene ladzaza kale ndi madzi, ndipo utoto wopakidwa pa thabwa lonyowa umatsekera chinyezi mkati, n'kufulumiza kuola kumene mwini wake amafuna kupewa. Chifukwa chake nthawi yoyenera kuno ndi kuyambira kumapeto a Ogasiti, chiperoni chitaleka, mpaka pakati pa Okutobala, mvula ya chizimalupsa isanayambe kudzidzimutsa anthu. Amene adikira mpaka Novembala, ataona mitambo ikusonkhana, wachedwa. Ndipo amene apaka m'mwezi wa Juni chifukwa choti alendo akubwera, wataya ndalama zake.

Ngakhale m'miyezi yabwinoyo, musayambe m'mamawa mame akadali pa matabwa, kapena masana dzuwa lili paliwombo, pamene thabwa latentha kotero kuti mafuta amauma pamwamba asanalowe. Yambani mame atakamuka, kapena dzuwa litapendeka, malinga patsale maola okwanira kuti mafuta akhazikike chisisira chisanagwe.

Ndisanapake kanthu, ndikonze bwanji matabwawo?

Apa ndi pamene pagona ntchito yeniyeni, ndipo kupaka kumene ndi mbali yaing'ono chabe. Choyamba chotsani mipando, miphika ya maluwa ndi mphasa, n'kusesa; kenaka tengani mpeni wakale kapena waya, mutokose zinyalala zonse zimene zatsekera mipata ya pakati pa matabwa, pakuti masamba ndi dothi zokhala m'mipatamo zimasunga madzi ngakhale masiku a dzuwa. Mpata wa mamilimita 5 kapena kuposerapo pang'ono ndi umene umalola madzi kugwa ndi mphepo kudutsa. Misomali yotuluka ikhomereni, ndipo yodyeka ndi dzimbiri isintheni.

Mukatero tsukani ndi madzi a sopo ndi bulashi yolimba ya pulasitiki, mukukwecha motsatira mizere ya mtengo, osati mopingasa. Bulashi ya waya isiyeni, chifukwa tizitsulo take totsalira timabala madontho a dzimbiri. Pamene pali ndere zobiriwira zoterera kapena nkhungu yakuda, thirani Jik wosungunula, gawo limodzi m'magawo anayi a madzi, mudikire mphindi 15, n'kutsukuluza ndi madzi ambiri. Jik asasakanizidwe ndi mankhwala ena otsukira, pakuti mpweya wotuluka pamenepo umapweteka mapapo, ndipo maluwa a m'mphepete mwa khonde athirireni madzi musanayambe ndiponso mukamaliza. Matabwa aume masiku awiri kapena atatu a dzuwa labwino.

Atauma, apaleni ndi sandipepa, kuyamba ndi wokhakhala wa nambala 60 kapena 80, n'kumaliza ndi wa 100 kapena 120. Musapitirire pamenepo, pakuti thabwa losalala kwambiri limakana kumwa mafuta ndipo limaterera mvula ikagwa. Ngati pali vanishi kapena penti wakale wosupuka, achoke yense, chifukwa mafuta sangadutse pa iye. Valani chotchinga pakamwa ndi pamphuno, makamaka pa nyumba zakale za m'minda ya tiyi, kumene penti wa masiku aja nthawi zambiri ankakhala ndi mtovu, ndiponso pa matabwa obiriwira a mankhwala, amene fumbi lake ndi poizoni. Zidutswa za matabwa oterewa zisalowe pamoto wophikira, ngakhale nkhuni zisowe chotani.

Pomaliza donthezani madzi pang'ono pa malo angapo. Akalowa m'thabwa m'kanthawi kochepa, thabwalo lakonzeka kulandira mafuta. Akangokhala pamwamba, pali chotchinga chimene chikufunika kupalidwanso.

Kodi vanishi si wabwino koposa, poti amanyezimira ndipo amatseka madzi?

Vanishi ali ndi ulemu wake pa tebulo, pa kabati ndi pa chitseko cha m'nyumba, koma pa thabwa loyalidwa panja, lopondedwa ndi nsapato, lomenyedwa ndi dzuwa ndi mvula, ine sindingamuvomereze. Iye amapanga chikopa pamwamba pa thabwa, ndipo popeza thabwa silileka kufufuma ndi kunyala, chikopacho chimasweka. Madzi amalowera m'ming'alumo, n'kusowa potulukira, ndipo pakangopita nyengo imodzi kapena ziwiri za mvula, khonde limayamba kusupuka zigambazigamba, pansi pake pakuda. Kuti mukonzenso, muyenera kupala khonde lonse mpaka pa mtengo weniweni. Penti wa pansi ali ndi vuto lomwelo, ngakhale amatchinga dzuwa bwino ndipo angathandize pa nsanamira ndi zotchingira zimene zili chilili, pamene madzi sakhalitsa.

Mafuta olowa m'thabwa amagwira ntchito mwa njira ina. Amadzaza timaenje ta mtengo n'kuumira momwemo, kotero kuti madzi amakanika kulowa ochuluka koma chinyezi cha mkati chimathabe kutuluka. Sasupuka, amangofwifwa pang'onopang'ono, ndipo akafwifwa mumangotsuka n'kupakanso. M'masitolo a zomangira ku Limbe ndi ku Blantyre, funsani mafuta kapena mankhwala a matabwa a panja olowa mkati, ndipo musankhe okhala ndi mtundu pang'ono, wofiirira kapena wa khofi, chifukwa mtunduwo ndi umene umatchinga dzuwa. Opanda mtundu amaonetsa kukongola kwa mtengo, koma thabwa limatuwanso msanga. Mafuta a linsidi ambiri amawadziwa ndipo ndi otsika mtengo, koma m'dera la chinyezi ngati lino amakonda kuda ndi nkhungu akapakidwa okha.

Ndamva kuti mafuta ena otchuka a matabwa ankalimidwa konkuno. Kodi n'zoona?

N'zoona, ndipo ndi nkhani imene ana a Bvumbwe ayenera kuidziwa. Malo ofufuzira za ulimi a Bvumbwe, amene lero timawadziwa ndi zipatso, ndiwo zamasamba, khofi ndi makadamiya, anatsegulidwa m'chaka cha 1940 chifukwa cha mtengo wa tung, wochokera ku China, umene njere zake zimatulutsa mafuta ouma okha akakumana ndi mpweya. Anthu a ku China akhala akupaka mafuta amenewa pa zombo zawo kwa zaka mazanamazana, ndipo m'masiku a nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, pamene mafuta a kumeneko anasowa pa msika, maiko a azungu anawafuna kwambiri popangira penti ndi vanishi. Minda yambiri ya m'boma la Thyolo inadzala tung pambali pa tiyi, ndipo ngakhale mzinda wa Mzuzu unakula mozungulira munda wa tung umene unatsegulidwa chakumapeto a zaka za m'ma 1940. Pambuyo pake mafakitale anapeza mankhwala ena opangira penti, mtengo wa mafutawo unagwa, ndipo minda inazula tung n'kudzala mbewu zina, makamaka makadamiya.

Chimene chimandiwawa mumtima n'chakuti mwini khonde wa ku Bvumbwe lero, akafuna mafuta a tung, ayenera kuwafuna m'chitini chochokera kunja, pa mtengo wokwera, pamene agogo ake ankatola njere zake m'minda yomweyi. Mafutawa amakana madzi kuposa a linsidi ndipo sada msanga ndi nkhungu. Chilema chawo n'chakuti amauma mochedwa, masiku angapo pa kupaka kulikonse ndi pafupifupi mwezi wathunthu kuti akhwimiretu, ndipo okha satchinga dzuwa. Amene awapeza, kaya okha kaya osakanizidwa kale m'mafuta a makonde, wapeza chinthu chabwino. Mukakumana ndi mtengo wa tung wotsalira m'mbali mwa munda wakale, chenjezani ana kuti njere zake sizidyedwa, pakuti ndi poizoni.

Nanga oyilo wakuda wa galimoto, amene anthu ambiri amapaka pa mitengo?

Sindingakane kuti oyilo wotha ntchito amaingitsa madzi ndi chiswe kwa kanthawi, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake munthu wosauka amamuthamangira, pakuti amapezeka pa galaji iliyonse pa mtengo wochepa. Koma oyilo ameneyu sauma. Amakhala wonyowa m'thabwa, dzuwa likatentha amatuluka, n'kudetsa zovala ndi mapazi, ndipo ali ndi zitsulo ndi zinyalala za mu injini zimene zimadwalitsa khungu ndi kuyambitsa khansa kwa amene azikhudza nthawi yaitali. Khonde ndi pamene mwana amakwawa, pamene amayi amasankha nyemba ndi kuyanika ufa, pamene alendo amakhala pansi. Si malo a oyilo wotere. Mvula ikamukokolola amakathera m'dimba ndi m'chitsime. Ndiponso thabwa limene lamwa oyilo wakuda silidzalandiranso mafuta abwino kapena penti. Mankhwala akuda onunkha a mtundu wa creosote, amene amapakidwa pa mitengo ya magetsi ndi ya mpanda, nawonso akhale kunsi, pa zipilala ndi mitanda imene anthu saikhudza.

Tsono kupakako kumayenda bwanji?

Vundulani mafutawo bwino kuti mtundu wokhala pansi pa chitini usakanikirane, ndipo yesani kaye pa kona yobisika. Ngati ndi mafuta a tung kapena a linsidi osasakaniza, ulendo woyamba asungunuleni ndi turpentine, theka ndi theka, kuti alowe mozama. Ogula okonzakonza atsatire zolembedwa pa chitini. Pakani ndi bulashi matabwa awiri kapena atatu kuyambira kumutu mpaka kumapeto musanasunthire pa ena, kuti pasaoneke mizere ya polekezera, ndipo yambirani kukhoma kulinga ku makwerero. Kumapeto a thabwa, kumene macheka anadula, kumamwa madzi kuposa malo ena onse, choncho kudyetseni mafuta kawiri kapena katatu mpaka kukhute. Nowa anauzidwa kumata chingalawa chake mbali zonse ziwiri. Inunso, kulikonse kumene dzanja lingafike, pakani m'mbali ndi kunsi kwa matabwa, ndipo thabwa latsopano lipakidwe mbali zonse lisanakhomedwe.

Pakapita mphindi 20 kapena 30, pukutani ndi nsanza mafuta onse amene sanalowe. Ambiri amaona ngati kutero n'kuwononga, ndipo amasiya mafuta atadikha pamwamba. Zotsatira zake ndi khonde lomata, logwira fumbi ndi tizilombo kwa milungu yambiri. Kupaka mopyapyala kawiri kapena katatu, mukudikira kuti koyamba kuume, kumaposa kupaka kamodzi mokhuthala. Lita imodzi imakwanira pafupifupi masikweya mita 10, koma thabwa lakale la ludzu limamwa kuposa pamenepo ulendo woyamba.

Pali chenjezo limodzi limene ndikupemphani kuti mulisunge ndi kuuzako mmisiri wanu. Nsanza zonyowa ndi mafuta a linsidi kapena a tung, zikaunjikidwa pamodzi, zimatentha zokha pamene mafutawo akuuma, mpaka kuyaka moto popanda machesi, ndipo nyumba zapsa usiku mwa njira imeneyi. Ziyanikeni imodziimodzi pa dothi kutali ndi nyumba, kapena zivikeni m'chidebe cha madzi.

Ndikamaliza, ndidzapumula zaka zingati?

Pa khonde la pamtetete kuno, yembekezerani kupakanso chaka chilichonse, kapena chaka chachiwiri ngati denga limalitchinga. Koma ntchito ya chaka chotsatira ndi yopepuka, kutsuka, kuumitsa ndi kupaka kamodzi basi. Mwezi wa Ogasiti ukafika, donthezaninso madzi monga munachitira poyamba, ndipo thabwa lidzakuuzani lokha ngati lili ndi ludzu.

Pakati pa chaka, sesani masamba asanaole, kwezani miphika ya maluwa pa njerwa kuti pansi pake pazipita mphepo, ndipo musasiye mphasa kapena kapeti pa matabwa nthawi ya dzinja. Sadzani nthambi zimene zimaphimba khonde tsiku lonse, konzani ngalande za padenga kuti madzi asamagwere pa matabwa, ndipo kunsi kwa khonde kukhale kotseguka, kopanda nkhuni, makatoni kapena dothi lounjikana lokhudza mitanda, pakuti zimenezi ndizo mlatho wa chiswe. Nsanamira iliyonse iime pa simenti kapena pa chitsulo chokwera pang'ono, osati m'dothi. Ikagwa mvula yoopsa, yonga ya namondwe wa Freddy amene anasautsa chigawo chino m'mwezi wa Malichi 2023, pitani kunsi mukaone ngati madzi sanakumbe patsinde pa zipilala, ndipo pamene akumba, kwirirani ndi kutsendera mvula ina isanabwere.